Ufa wa Amayi mu Tiyi Wanga

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wanga. Kodi mukupeza bwanji inu ndi alamu? Nanga msana wa Amayi ukuwalola kugona? Ife kuno tilipo, ana akupita kusukulu. Ndasankha kulemba chifukwa nkhaniyi ndikaiyamba pa foni sindiimaliza.

Mukudziwa mmene zala zanga zakhala zikutupira. Zinafika poti ine telala ndimapempha kasitomala kuti andilowetsere ulusi pa singano. Choncho adokotala atandiuza za kafukufuku wa mankhwala ochepetsa kutupa, opangidwa kuchokera ku makungwa a mtengo, ndinalembetsa. Anati anayamba awayesa pa makoswe, tsopano akufuna kuona ngati amathandizadi anthu, komanso ngati savulaza m'kati mwa thupi. Ena timalandira makapisozi enieni, ena opanda mankhwala, ndipo palibe akudziwa kuti ake ndi ati. Anatiletsa kumwa mankhwala ena alionse osawauza.

Tikapita amatiyeza malo otupawo ndi tepi yonga yanga yosokera, kenako amatitenga magazi. Pa benchi yodikirira ndinazolowerana ndi abambo ena ophika buledi, a mawondo otupa. Iwowa anayamba kusintha, mpaka amatiseketsa kuti posachedwapa azithamangitsa basi.

Kenaka magazi anga anasonyeza kuti chiwindi sichili bwino. Adokotala anaimitsa makapisozi kwa aliyense, osati ine ndekha, kufikira atadziwa chavuta. Abambo a buledi aja anabweza botolo lawo, n'kutsika masitepe atagwira khoma. Sankadziwa kuti magaziwo ndi anga. Ine ndinangozyolika.

Ndinawauza alamu anu zonsezi. Mawa lake anabwera ku shopu, n'kukhala pa kampando ka makasitomala, akupinyapinya chipewa. Anati pamene anabwera kwanuko, Amayi anawapatsa ufa wa mankhwala mu pepala la pulasitiki, n'kuwauza kuti azinditsirira mu tiyi osandiuza, poti ndikadziwa ndikana. Achemwali, munthu amene sanagwirepo ketulo chikwatirirane anali atayamba kundipangira tiyi m'mawa uliwonse, ine n'kumanyadira kwa anzanga kuti banja latsitsimuka! Kuwawa kwake ndinkangoti ndi masamba otchipa. Ndinawakalipira mpaka oyandikana nawo shopu anasuzumira. Alamu anuwo anangoti sakanatha kumangoonerera ndikulira ndi sizasi m'manja.

Tsiku lomwelo ndinawatenga, ufa uli m'thumba, ulendo wa kwa adokotala. Adokotalawo sanatinyoze. Anati ufa wofiirira ngati umenewu ungakhale wa chomera chilichonse, ndipo a ku labu, koyezera mankhwala, kuti auyeze bwino akufunika chomera chenichenicho. Ananenetsa kuti mwina ndi ufawo, mwina ndi makapisozi, mwinanso ziwirizi zikakumana. Zikapezeka kuti ndi ufa, anzanga a m'kafukufuku aja akhoza kuyambiranso. Zikapanda kudziwika, kafukufuku akhoza kuthera pomwepa. Ine andichotsamo kale, ndipo sindikudandaula. Ndinasiya zonse ziwiri, ndipo akuti chiwindi chayamba kubwerera m'malo. Zala zatupanso, ndikungolandira ntchito zopinda ndi zoika zipi.

Ndinawaimbira Amayi kuwafunsa dzina la chomeracho. Ndinayamba molakwika, ndi mkwiyo. Analira, akuti ndikuwanena kuti amafuna kupha mwana wawo, n'kudula foni. Chiyambire sakuyankha.

Pempho langa ndi limeneli. Pitani mukakhale nawo pansi, inu amakumverani. Musayambe ndi chiwindi changa, muyambe ndi kuwauza kuti ndikudziwa kuti anachita chifukwa chondikonda. Kenako akusonyezeni chomeracho, kapena munthu amene anawapatsa. Muthyole kanthambi ka masamba, ka maluwa kapena zipatso ngati zilipo, ndi kachidutswa ka khungwa kapena muzu, malinga ndi mbali imene amasinja. Muumitse pakati pa manyuzipepala, osati mu pulasitiki, chingaole. Mufunsenso ngati amasakaniza ndi china. Mujambule chomera chonse pa foni munditumizire, ndikaonetse adokotala, iwo atiuza njira yoyenera yochitumizira kuno.

Chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi chakuti alamu anu akuti Amayi nawonso amamwa ufa womwewu chifukwa cha msana. Muwapemphe aleke kaye, ndipo mupite nawo akayezetse magazi. Sindikunena kuti mankhwala awo ndi oipa, sindikudziwa. N'chifukwa chake ndikufuna ayezedwe monga akuyezera makapisozi aja.

Akakana kukusonyezani, mundiuze msanga. Nditseka shopu, ndibwera ndekha, ndipo sindichoka pakhomo pawo kufikira atandilozera mtengowo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Alamu anu akupereka moni, koma akuti kwa Amayi muwaperekere mwamanyazi. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Ine mng'ono wanu,
Kasingano