Mfuti ya Abambo Ndinaipereka ku Boma

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo, koma movutikira. Ndinachira mwezi watha, mwana wamwamuna. Mphumi ndi yanu ndendende. Usipa chaka chino wachepa, ndipo nkhokwe yanu ija inagwa ndi chiswe. Paja munkati mvula ikakuona litsiro sikata.

Nkhani yaikulu ndi ya achimwene a Yohane. Chibwerereni ku nkhondo ya azungu ija, mutu wawo sunakhazikike. Mfuti ya gogodela imene anasiya abambo, achimwenewo ankagona nayo pamphasa, yothirathira onga. Mukudziwa mmene asodzi amagogodera bwato ndi nkhafi pothamangitsira chambo mu ukonde. Achimwene akamva zimenezo amati adani afika. Tsiku lina m'mawa anatuluka nayo, pamene mdzukulu wanu Esinati ankachokera kunyanja ndi mtsuko pamutu. Mfuti inalira. Mtsuko unaphwanyika, mwana anangoti chilili, madzi akuyenderera kumaso.

Amuna anga anakana zoti tiichotse pakhomo. Ankati popanda mfuti mvuu zitimalizira mpunga, chifukwa mlenje wa Boma amafika zitakhuta kale. Ankatinso ndi chuma cha pamtundu, sichipatsidwa kwa mzungu. Sankanama ayi. Koma ine ndinaikulunga mumphasa, n'kuisenza ngati nkhuni mpaka ku Boma. Kalaliki anandifunsa ngati ndikudziwa kuti siidzabwereranso. Ndinati ndikudziwa.

Mvuu zinabweradi. Tinayesa ng'oma, zitini, moto, koma munda wa kudambo uja munkalima inu unatheratu psiti. Inu mukanati walira mvula walira matope. Pano tikudya chinangwa chopempha, ndipo amuna anga amandiyankha ndi msana.

Achimwene sanandikalipire, bola akanatero. Amangokhala pakhonde ndi mpini wa khasu pamiyendo, n'kumaupukuta ndi kansanza. Asodzi akagogoda, amaulozetsa kunyanja. Esinati sadutsanso pamenepo, amazungulira kuseri kwa nyumba. Zimandipweteka mtima, amayi, poti achimwenewo ankakonda kumubereka ali khanda.

Mukawaona abambo, muwauze kuti mfuti yawo ndinapereka ndine, asakwiyire wina. Abale akuti achimwene tiwamange m'goli ngati wamisala. Ndikukulonjezani kuti ine ndili moyo, mwana wanuyo palibe adzamuike chingwe. Chinangwa chikachepa, tidzagawana chomwecho.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nabanda