Nyanga za Apongozi Zatulukira pa Makapu

Aphungu,

Kalatayi ndikulembera ku ofesi chifukwa kunyumba kwatentha. Ndine bambo wa ana awiri, kalaliki pa kampani ina yogulitsa matayala. Mwezi watha ine ndi mkazi wanga tinakwanitsa zaka khumi m'banja, ndiye ndinaganiza zosindikiza chithunzi chathu pa makapu 24 oti tigawire abale.

Vuto linali lakuti pa chithunzi chokhacho chimene ndinatuluka bwino, apongozi anga aakazi anaima pakati pathu. Mayiwa anabwera kudzaona zidzukulu kwa masabata awiri, pano ndi mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo mpando wanga wa pabalaza ndi rimoti zonse zinasanduka zawo. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinatsegula chithunzicho pa kompyuta ya kuntchito kuti ndiwachotsepo. Ndisanawafufute, dzanja linandiyabwa. Ndinawajambulira nyanga ziwiri zofiira ndi kandevu ka tonde, ndipo ndinaseka ndekha mpaka misozi. Kenako ndinafufuta zonse, apongozi ndi nyanga zawo zomwe. Pamalopo panangotsala timabokosi totuwa ndi toyera tija tosonyeza kuti palibe kanthu. Ndinayang'ana kawiri, n'kutumiza kwa wosindikiza.

Tsiku la phwando, bokosi la makapu linafika alendo atadzaza kale pabalaza. Mkazi wanga anati, "Amayi, tsegulani ndinu, ndinu aakulu pano." Aphungu, pa kapu iliyonse panali apongozi, nyanga zili njo! Mayiwo anavala magalasi, anatenga kapu imodzi n'kuitembenuza pang'onopang'ono, kenako anati, "Mkamwini, inetu ndine munthu wopemphera. Nyangazi mwanditengera kwa sing'anga uti?"

Mlamu wanga anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinangoti ndi vairasi ya pa kompyuta. Mawa lake ndinamukalipira wosindikiza pa foni, iye anati, "Bwana, ine ndasindikiza zimene zinali m'failo yanu. Amayiwo sindiwadziwa, nanga ndevuzo ndikanazitenga kuti?"

Ino ndi sabata yachiwiri mkazi wanga akundiyankha ndi mutu wokha. Apongozi amamwera tiyi m'kapu yomweyo m'mawa uliwonse, nyanga atazilozetsa kwa ine. Makapu enawo anawatsekera m'sutikesi, akuti akagawira anzawo a kutchalitchi. Kodi ndilimbikire nkhani ya vairasi, kapena ndimusumire wosindikizayo?

K. M. W., m'tauni muno

Bambo K. M. W.,

Vairasi yodziwa kusankha chibwano cha apongozi okha, n'kukusiyani inu mukuwala mu suti, sinapangidwebe. Bodza limenelo lisiyeni lero. Mwina ana anu okha ndi amene analikhulupirira, nawonso ndikukayika.

Ndafunsa mphwanga amene amakonza zithunzi. Akuti m'mapulogalamu ambiri chofufutira sichichotsa kanthu. Chimangouza kompyuta kuti "apa usaonetse," koma zojambulazo zimakhala chikhalire pansi pake. Failo ikafika pa makina osamvera lamulo limenelo, zobisika zonse zimatulukira poyera. Ndiye kuti apongozi simunawachotse, munangowafunditsa nsalu, makina n'kuivundukula. Wosindikizayo musiyeni. Mukamusumira, kapu ija idzakhala umboni, ndipo woweruza naye adzafuna kuziona nyangazo. Choipa chitsata mwini.

Ulendo wina mukafufuta munthu, ikani mtundu woyera kumbuyo, phatikizani zonse zikhale chithunzi chimodzi chopanda timabokosi tija, ndipo musunge ngati failo ya mtundu wa JPG. Muchitsegulenso pa foni ina. Kwa wosindikiza pemphani kapu imodzi yoyesera, muione nokha m'galimoto, osati pamaso pa abale.

Koma nkhani yanu yaikulu si ya kompyuta. Mkazi wanu sanakwiyire nyanga zokha. Waona kuti zikanakuyenderani bwino, mayi ake akanasowa pa chithunzi cha banja, ndipo inu mukanagawa makapuwo mukumwetulira. Yambani kupepesa kwa iyeyo, muli awiri, popanda mawu oti "koma." Kenako mukhale pansi ndi apongozi, muvomere kuti dzanja linali lanu. Mayi amene akumwera tiyi m'kapu yoteroyo sakulira ayi, akukuphikani pamoto wochepa, ndipo akudikira kuti mupse. Sindikizani makapu atsopano iwo ali pakati, opanda ndevu, mukasinthanitse ndi a m'sutikesi aja asanafike kutchalitchi. Musayerekeze kuswa ya tiyi ija "mwangozi," atsala nawo 23.

Za miyezi isanu ndi itatuyo muli ndi mfundo, sindikukana. Imeneyo ndi nkhani yokambirana ndi mkazi wanu pakamwa, fumbi likatsika.

Chenjezo langa ndi ili: dzanja loyabwa siliyabwa kamodzi. Ngati bwana wanu munawakongoletsaponso pa kompyuta ya kuntchitoyo, thamangani mukaone kalendala ya kampani isanapite kosindikiza.

Aphungu