Kasupe wa mphalapala

Lachinayi, Okotobala akupita kumapeto. Kunatentha kwambiri, ndipo mtima wanga sukupeza bwino.

Lero ndinaperekeza atate ku Dzalanyama. Anthu ofufuza za kusintha kwa nyengo anafika kuno ku Mpingu kufuna munthu wamkulu wokawalozera kasupe amene mphalapala zinkamwapo kale, akuti malowo atetezedwe. Atate anavala jekete la kutchalitchi dzuwa lonselo, ndipo m'galimoto ankangosimba za uchi umene ankafula kuphiriko ali mnyamata.

Kenako tinakwera phiri. Mitengo imene atate ankadziwira njira anthu anaiotcha makala. Tinazungulira m'zitsa mpaka tinapeza chigwembe cha mchenga wokhawokha pafupi ndi mwala waukulu.

"Ndi pano, agogo?" anafunsa mtsikana wina mwa ofufuzawo.

"Mwalawu ndi womwewo," anatero atate, "koma madzi ake ankafika m'mawondo."

Mtsikanayo anafukula mchenga ndi manja, osapeza ngakhale chinyezi.

Pobwerera atate anandinong'oneza kuti, "Nabanda, anthuwa asayese kuti ndawanamiza." Ndinati palibe akuganiza choncho. Chakudya akana.

Ofufuzawo akuti mawa abweranso, atate akawalozere kasupe wina. Atatewo sindinawauzebe.