Utsi wa Maboti pa Kachulu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chachepa.

Mukudziwa mmene maboti a ku chilumba cha Chisi amatulutsira utsi akamadikira anthu padoko la Kachulu, pafupi ndi pomwe amayi amagulitsira nsomba. Mwezi wathawu amayi anabanika ndi utsiwo mpaka kugwa. A Saidi, eni boti lobiriwira lija, anathamanga nawo kuchipatala. Atabwerako anauza anzawo kuti, "Tizizimitsa injini tikafika padoko, tingawaphe amayiwa."

Anawamvera, achimwene! Tsopano amayi amatha tsiku lonse osatsokomola. Nditapita kukathokoza, a Saidi anangoti, "Nanenso ndimapuma mpweya womwewo."

Mukapeza mpata, muwaimbire foni muwathokozenso. Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati