Ndinapeka mathero a filimu ya ku Korea, Anesi n'kupezerapo banja

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimaluka tsitsi mu saluni ina yaing'ono ya mipando itatu. Ndakulemberani chifukwa ndinachita chinthu chimene chandipatsa ulemu waukulu koma chikundisowetsanso mtendere, moti sindikudziwa ngati ndivine kapena ndibisale.

Mu saluni mwathu muli TV pamwamba pa galasi. Kuluka meshi kumatenga maola anayi kapena asanu, ndiye timaika mafilimu achikondi a ku Korea aja a magawo khumi ndi asanu ndi limodzi. Vuto lake, anthu a m'filimumo amayankhula chinenero chawo, tanthauzo limalembedwa m'Chingerezi m'munsi mwa kanema, pamene munthu wolukidwa amakhala chowerama. Ine ndi amene ndimaima kumbuyo kwake, maso pa TV, zala m'tsitsi. Choncho ndinayamba kumawerenga mawuwo n'kumamasulira makasitomala m'Chichewa. Poyamba zinali zocheza chabe, koma pano anthu amachita kulimbirana mpando wanga. Mnzanga woluka pa mpando wapakati amati ndimathira mchere wambiri, koma nayenso chipeso chimaima m'mwamba kuti amve.

Tikamaonera mumakhala ngati m'bwalo la mpira. Pali amayi ena amene nthawi zonse amaikira kumbuyo mnyamata wachiwiri wolimbirana mtsikana m'filimumo, wofatsa, wobweretsa ambulera mvula ikamagwa, yemwe mapeto ake amangotsala padzuwa. "Alembi amenewa ndi ankhanza," amatero mayi wina wogulitsa nsapato. "Munthu wabwinobwino kumusiya, n'kutenga wamwano?" Ena amadandaula kuti anthu afika gawo lachisanu ndi chitatu asanagwirane ngakhale chala. Koma tsiku loti agwirana, saluni yonse imaphulika, mpaka wa shopu yoyandikana nafe amasuzumira kudzafunsa ngati kwapsa.

Mmodzi mwa makasitomala anga timawatchula kuti Anesi, chifukwa amagwira ntchito kuchipatala. Ndi mayi wodekha, wa zaka za m'ma 40, sanakwatiwepo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi bambo wina wokonza mafiriji wakhala akupita kwa Anesi mwezi ndi mwezi kukaona firiji yoti sinawonongekepo. Amafika, kutsegula chitseko chake, kumvetsera kulira kwa injini, kumwa tiyi, n'kutsanzika. Anesi ankatiuza zimenezi akuseka, koma kunali kuseka kwa munthu wotopa. Ife bambowo tinawapatsa dzina loti a Firiji.

Filimu imene Anesi anaikonda kwambiri inali ya mtsikana woyendetsa basi ndi mnyamata wokonza mawotchi, wamanyazi ngati a Firiji omwe. Ankakana kuionera paokha pa foni, ankati popanda pakamwa panga siikoma.

Gawo lomaliza ndinaliba n'kuliona ndekha Lamlungu masana. Aphungu, ndinatsala pang'ono kuponya foni m'beseni la zovala. Mnyamata uja anangonyamuka kupita kunja osatsanzika. Kenako pa kanema panalembedwa kuti papita zaka zitatu. Awiriwo anaonana pamsewu, wina tsidya ili wina tsidya ilo, kumwetulirana, lole n'kudutsa pakati pawo, mayina a ochita filimu n'kuyamba kukwera. Zathera pomwepo! Pa gulu lathu la pa foni anthu anakwiya koopsa. Wina analemba kuti mlembiyo anatopa n'kusiyira mlamu wake kuti amalize. Wina anati amubwezere maola ake onse. Awiri okha anati umenewo ndiye moyo weniweni, ndipo ena onse anawazazira mpaka anatuluka pagulupo.

Lachiwiri m'mawa Anesi anabwera kudzalukitsa, ali pa ofu. Mnzanga anali atapita kokagula meshi, tinali awiriwiri. Anesi anati ndiike gawo lomaliza. Nditayang'ana nkhope yawo pa galasi ndinaona kuti mayiwa akudikira kuuzidwa za moyo wawo, osati za anthu a ku Korea. Mtima unandiwawa. Ndiye ndinasunga dala tsitsi la kunkhongo kuti ndiluke filimu ikamapita kumapeto. Itakwana nthawi ndinawaweramitsa mpaka chibwano chinagunda pachifuwa. Pa TV nyimbo ikulira, anthu akuyankhula zawo, ine n'kuyamba zanga. Ndinati mtsikana uja wamva zoti mnyamata akunyamuka, waimika basi pakati pa msewu, wathamanga mpaka pa shopu ya mawotchi, wagogoda. Ndinati wamuuza kuti, "Wakonza mawotchi a tauni yonse, koma nthawi yanga ukungoiwononga. Ukundifuna kapena ayi? Yankha lero, ndasiya anthu m'basi."

Anesi anafuna kudzutsa mutu kuti aone. "Weramani, mzere ukhota!" ndinakalipa ine. Misozi yawo inkagwera pa thaulo. Ndinawakwatitsa awiriwo bwinobwino, n'kuwapatsa ndi mwana yemwe, kenako ndinazimitsa TV.

Patatha milungu iwiri Anesi analowa mu saluni akuvina, yunifolomu ili m'thupi. Anati tsiku lomwe lija atachoka pa mpando wanga analunjika ku shopu ya a Firiji, mutu ukadali kuwawa ndi meshi. "Ndinawauza kuti firiji yanga ilibe vuto, vuto ndi inuyo," anatero. "Ndinati mundiyankhe lero lomwe." A Firiji akuti anagwetsa sipanala, kukhala pansi, n'kuulula kuti akhala akuyeserera mawu ofunsira kwa zaka zinayi, koma akangofika pakhomo amauluka onse. Ukwati ulipo mwezi wamawa, Aphungu, ndipo woluka mkwati ndine! Tsiku limenelo tinakuwa mpaka mawu anasasa.

Tsopano vuto langa nali. Anesi akuti Loweruka likubwerali abwera ndi a Firiji kuti ndiwaikire gawo lija, aone ndi maso awo mtsikana amene anawapezetsa banja. Akufunanso kuti malo ogogoda aja adzaonetsedwe pa phwando la ukwati. Gawo limenelo kulibe, lili m'mutu mwanga mokha. Mnzanga wa mpando wapakati akuti ndingonena kuti fulashi yosungira mafilimu yafa. Koma ine ndikuopa kuti Anesi akadzadziwa adzati ndinawapusitsa, kapena adzaona ngati banja lawo lamangidwa pa bodza. Mayiwa ndimawakonda ngati akulu anga enieni, sindikufuna kuwataya. Ndichite chiyani?

M.C.T., wa pa saluni ya kuseri kwa siteji

Zikomo a M.C.T.,

Choyamba landirani ulemu wanu. Mlembi wa ku Korea uja anali ndi makamera, nyimbo ndi magawo onse aja, koma anthu ake anawasiya pamsewu. Inu munali ndi chipeso chokha, mwatulutsa ukwati. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndaseka mpaka anzanga muofesi muno anandifunsa ngati ndili bwino.

Koma kunama munanama, tisazungulire. Nzeru ya fulashi yakufa ija muisiye komweko. Anesi ndi munthu wophunzira, foni ali nayo, tsiku lina adzalipeza okha gawo lenilenilo. Mwinanso mlendo wina wa pa ukwati amene analionera adzatsutsa nkhaniyo anthu onse akumva. Bodza lilibe mwendo, ndipo likadzagwa pa phwando lidzagwera mkwati, osati inu.

Mantha oti banjalo lamangidwa pa bodza achotseni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anesi mtima unali utadzaza kale, inu munangowapatsa poyambira. Mapazi amene anapita ku shopu ija anali awo, mawu a firiji yopanda vuto analinso awo. A Firiji sanaonerepo filimuyo, koma anayankha. Tiyi wa zaka zisanu ndi chimodzi uja simunapeke ndinu.

Chitani izi. Kumanani ndi Anesi Loweruka lisanafike, awiriwiri, a Firiji palibe. Musawauzire pa mpando wa mu saluni, chipeso chili m'manja mwanu. Munthu amene mutu wake walukidwa theka sangathe kukwiya n'kutuluka, ndipo mphamvu ya mpando umenewo mukuidziwa bwino, popeza munaigwiritsa kale ntchito. Khalani pamalo oti akafuna kunyamuka anyamuke. Nenani mwachidule kuti mathero aja munapeka ndinu, chifukwa enieniwo anakupwetekani mtima ndipo simunafune kuti awapwetekenso iwo. Musayambe ndi kudzitama kuti zawathandiza, zimenezo anene okha. Pepesani makamaka chifukwa chowaweramitsa mutu pamene ankafuna kuona.

Akafuna gawo lenileni, aikireni aonere mutu uli chilili. Zouza a Firiji ndi zoti pa ukwati padzachitike zotani, asiyireni eni ake. Akakwiya apatseni masiku, ndipo akasankha wina woti adzawaluke, musadandaule pagulu. Koma ine ndikuona kuti mayi amene anatha kuuza mwamuna kuti vuto ndi iyeyo, choonadi sachiopa. Sindidzadabwa akadzakuimiritsani pa phwandolo kuti mufotokoze gawo lija ndi pakamwa panu, dzina la mlembi likudziwika.

Luso muli nalo, lekani kulibisa kumbuyo kwa anthu a ku Korea. Gulani kope, mudzilemba. Mu saluni filimu ikatha, anthu aone kaye mathero enieni, akwiye mokwanira, kenako inu mupereke anu poyera, iwo asankhe okoma. Awiri aja munawathamangitsa pa gulu la pa foni abwezeni. Si mathero onse osautsa amene amakhala a mlembi waulesi, ndipo gulu lopanda wotsutsa limazizira msanga.

Chenjezo langa ndi ili: ulendo uno munachita mwayi. A Firiji anali amanyazi chabe. Pa mpando wanu pamakhala amayi ambiri amene akudikira winawake, ndipo amuna ena amazengereza chifukwa kunyumba kuli mkazi ndi ana. Munthu wowerama amakhulupirira chilichonse chochokera kwa amene wamugwira mutu. Mukadzafunanso kulimbikitsa wina, mudzamuuze akukuyang'anani m'maso, kuti akamapita kukagogoda adziwe amene wamutuma. Tsopano ikani nyuzipepalayi pansi, muwaimbire Anesi.

Aphungu