Makina Asiya Kundifunsa Deti

Lolemba, 9 Malichi

Kompyuta yakana kusunga zomwe ndalemba m'mawa uno. Akuti disiki yadzaza. Zaka 27 osadandaula, lero yati yakhuta. Ikuliranso m'katimo, kere kere, ngati khoswe ali m'kabati.

Kupusa kwanga, ndamuuza Nesi pa foni. Mwana wanga ameneyu, ukangomuuza kuti mpando wathyoka mwendo, yankho lake ndi kusamuka. "Amayi, chipinda chija n'chokonzakonza, mukuvutikiranji nokha kumeneko?" Chipinda chake chimenecho choyang'anizana ndi bafa, kazenera kake kosalowa n'komwe mutu. Chiiwalireni ketulo pamoto chaka chatha sandipumitsa. Ketulo imodzi basi. Iye ali mwana anawotcha makatani kawiri konse, ine sindinamusamutse.

Akuti mawa atumiza mwamuna wake, Injiniya. Dzinali ndinamupatsa ndine. Ntchito yake ndi yogulitsa inshuwalansi, koma akangoona chinthu cha mawaya manja amamuyabwa. M'buku lino akhala Inj., sayenera inki yambiri.

Lachiwiri, 10 Malichi

Wabwera ndi kachikwama ka masikuludiraiva, nsapato wavulira pakhomo. Ulemu wake umandinyansa, ndi ulemu wa munthu amene akukuyeza ndi maso.

Watsegula bokosi la kompyuta, fumbi kuti fwaa, iye n'kuyetsemulira pa nsalu yanga ya patebulo. Akuti makinawa ndi osowa, alipo anthu amawasakasaka. Ndati akawasake kwina. Kenako phunziro layamba, ngati ndine mwana wa sukulu. Disiki ikufa, aikamo kakadi konga ka mu kamera. Memori, ndiye kukumbukira kwa makina, yachepa, awonjezera timatabwa tiwiri tobiriwira. Mawu oti "memori yachepa" wawanena kawiri, kachiwiriko akuyang'ana ine. Ndamuona bwinobwino.

Ndiye waloza kabatire konga batani la jekete. "Aka kanafa kalekale, amayi. N'chifukwa chake imakufunsani deti m'mawa uliwonse. Ndikasintha isiya kukuvutitsani."

"Inu bambo, kabatireko kasiyeni. Ndani wakuuzani kuti ndikuvutika?"

Wangomwetulira. Sadziwa kanthu. Ndinataipa makalata mu ofesi zaka 31, palibe imodzi yomwe inabwerera chifukwa cha deti lolakwika. M'mawa ndikayatsa, makina amafunsa kuti lero n'liti, ine ndimayankha za m'mutu, osayang'ana pa kalendala. Ndikatero ndimalemba ka lipoti ka tsikulo: mapiritsi, chomwe ndadya, amene wabwera. Lipoti lililonse ndi nambala yake, monga tinkachitira ku ntchito. Ndinayamba bambo ake Nesi atamwalira, zaka 11 zapitazo. M'nyumba muno chinthu chondifunsa funso n'kudikira yankho chatsala chimenechi chokha.

Lachitatu, 11 Malichi

Sanabwere, akuti akudikira zipangizo. Kompyuta ili gada patebulo, matumbo panja. Mapiritsi ndamwa. Ndikuganiza kuti ndamwa.

Lachinayi, 12 Malichi

Tsiku lonse Inj. m'nyumba mwanga. Kathabwa koyamba kalowa bwino, kachiwiri kakana. Wakankha, wakankhanso, chitsulo cha m'mphepete n'kumucheka chala. Mtima wanga unachita kuti myaa, Mulungu andikhululukire. Pulasitala ndamupatsa, koma yakale ija yosamata.

Masana wayamba kukopera malipoti anga kuchoka pa disiki kupita pa kakadi. Mndandanda ukutsika pa sikirini, nambala uku, deti uku. Poyamba amaimba kamluzu. Kenako kamluzu kanatha. Wabwereranso pamwamba, watsikanso pang'onopang'ono, mphuno pafupi ndi galasi. Ndamufunsa ngati wawononga. Akuti ayi, zonse zilipo, 4,140, palibe lotayika.

Watuluka pakhonde kukayankha foni, mosakayikira ya Nesi. Ndinali kukhitchini, zenera lotsegula. "Ayi, zayenda bwino... ayi, ali bwino... tikambirana." Mukambirana chiyani? Za ine, ndili moyo, m'nyumba yanga?

Disiki yakale waikulunga m'nyuzipepala n'kuika m'chikwama chake, akuti aisunga mwina kakadi kangavute. Tiyi sindinamupatse.

Lachisanu, 13 Malichi

Ndayatsa m'mawa. Zii. Kere kere kuja kulibe, kudikira kuja kulibe, yangotseguka ngati maso a mphaka. Ndipo sinandifunse. Deti lili kale pakona, ladzilemba lokha. Wakasintha kabatire kaja, ine nditakana ndi pakamwa panga. Ndakhala pampando zala zili m'mwamba, zopanda chochita. Ndinakwiya zedi.

Wabweranso madzulo akuchokera ku ntchito, tayi ali m'khosi. Ndamulandira ndi mawu onse omwe ndinawasunga tsiku lonse. Wangoima, wamvetsera, kenako wati ndikhale pansi andionetse kanthu.

Watsegula mndandanda uja. Manambala akuyenda bwino, 4,020, 4,021, koma madeti kuyambira mwezi wa Novembala akuyenda ngati woledzera. Malipoti anayi otsatizana, deti limodzi. Ena alumphira kutsogolo miyezi iwiri. Asanu ndi awiri ali m'chaka cha 1998.

Ndati ndi batire. Akuti batire lakufa silipeka deti, makina amangosunga lomwe apatsidwa. Ndati ndiye mwasokoneza pokopera, si paja ndinu a inshuwalansi. Sanakwiye, ndipo zimenezo zandipsetsa mtima koposa.

"Amayi, zaka khumi zonse palibe deti limodzi lolakwika. Ndayang'ana. Zayamba posachedwapa."

"Ndinakuitanani kudzakonza makina kapena kudzandifufuza?"

"Sindinamuuze mwana wanu. Koma mumamwa mankhwala a mtima, sindingakhale chete. Lamulungu tikubwera. Mukamuuza nokha zikhala bwino. Mukapanda kutero ndimuuza ine."

Kundipatsa masiku ine, ngati munthu wa lendi amene akuthamangitsidwa m'nyumba. Ndamuuza kuti nsapato zake zili pomwe anazisiya. Wawerama, watsanzika mwaulemu, wapita. Ndimadana naye munthu ameneyu, ndikulemba kuti zidziwike.

Loweruka, 14 Malichi

Ndinati ndiwerenge ndekha kuti ndimugwire bodza.

Makina tsopano akuthamanga, ungodina lipoti latseguka kale, osakupatsa mpata wopuma. Kale ukanadzuka kukathira madzi m'kapu. Nambala 4,088: "Mapiritsi awiri, ndamwa." Mizere itatu m'munsi mwake: "Mapiritsi awiri, ndamwa tsopano, m'mawa ndinaiwala." Tsiku lomwelo ndinalemba kuti ndikumva chizungulire, ndipo ndinanamizira kutentha.

Ndiye 4,131, la masabata awiri okha apitawo, deti lake 1998. Mataipidwe ndi anga, palibe chilembo cholakwika ngakhale chimodzi. Ndinalemba kuti bambo ake Nesi achedwa ku ntchito, chakudya chawo ndavundikira, akabwera ndiwakalipira. Sindikukumbukira ndikulemba zimenezo. Koma ndikukumbukira m'mawa wina nditapeza mbale yovundikira patebulo, ndinadabwa kuti wabwera ndani.

Kufufuta ndimadziwa. Ndinasankha onse olakwika, chala chili pa batani. Kenako ndakumbukira kuti disiki yakale ili m'chikwama mwa Inj., galu wochenjera uja. Komanso ine sindinang'ambepo kope la kalata chiyambire ntchito, ngakhale bwana atandiuza. Ndachotsa chala.

Popeza bukuli ndi langa ndekha, ndinene. Madeti a muno ndakhala ndikukopera pa foni kuyambira Januwale. Ku makina kokha ndi komwe ndimayankha za m'mutu, poti ndimati sangandineneze kwa munthu. Ndikuopa. Chipinda choyang'anizana ndi bafa chija ndikuchiopa, koma mbale yovundikira ija ndikuiopa kwambiri.

Lamulungu, 15 Malichi

Afika cha m'ma 2 koloko. Inj. watsala panja, akuti akuona tayala la galimoto. Tayala lilibe vuto, ndi mantha chabe.

Nesi walowa ndi malalanje, wayamba kale kuyang'ana m'khitchini ngati mbaula yazimitsidwa. "Amayi, akuti kompyuta yanu ikuthamanga ngati yatsopano, mwamuthokoza mkamwini wanu?"

"Sindinamuthokoze ndipo sindimuthokoza. Ika malalanjewo pansi, khala apa."

Ndamukokera mpando wanga, umene sindilola munthu kukhalapo. Ndayatsa, ndatsegula mndandanda, ndamuonetsa batani lotsikira. Wandiyang'ana kuti ndifotokoze.

"Uwerenge kuyambira 4,020. Usandifunse kanthu mpaka umalize. Ndipo zoti chipinda n'chokonzakonza usazitchule lero, ukazitchula utuluka."

Ndabwera kuno kuchipinda ndi bukuli, chitseko ndasiya chotsegula. Ndikumva akudina batani, kudikira, n'kudinanso. Wadina nthawi yaitali. Tsopano wasiya, mpando sunasunthe.

Akundiitana "amama", mmene ankandiitanira asanayambe sukulu. Ndikupita.