Mabatire Amene Anasowa M'bokosi Lokhoma

KOMITI YOSONKHANITSA ZIPANGIZO ZAMAGETSI ZAKUTHA, DERA LA KAMTSIZI, KU NSARU

Zokambirana za msonkhano wapadera
Tsiku: Lachinayi, 14 Ogasiti 2025
Malo: M'chigafa cha fodya cha Bambo Msampha

OPEZEKA
Bambo Rabson Msampha, Wapampando
Mayi Lilian Chimphepo, Wachiwiri kwa Wapampando
Mayi Faness Kaliwo, Wosunga kiyi
Che Daudi Anusa, membala, mwini sitolo
Bambo Yonasi Gwaza, membala, wokonza mawailesi
Mayi Hannah Nkhwazi, Mlembi

OPEPESA
Bambo Gabriel Kaphuka, ali kumsika wa fodya

OSAPEZEKA POPANDA CHIFUKWA
Mayi Mable Chadza, monga mwa chizolowezi chawo

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko itadutsa, ndipo Mayi Chimphepo anapemphera. Mlembi anaona kuti mabenchi anaikidwa mwachilendo. Limodzi linali patsogolo palokha moyang'anizana ndi ena onse, ndipo Mayi Kaliwo anauzidwa kukhala pamenepo nkhani isanayambe n'komwe. Mayi Kaliwo anafunsa ngati uwu ndi msonkhano kapena bwalo la milandu. Wapampando anati ndi msonkhano.

2. ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga ndipo zinavomerezedwa. Wapampando anakumbutsa mamembala kuti ntchito ya komiti ndi kutolera mafoni, mawailesi, nyali za sola, matochi ndi mabatire akutha m'makomo, kuti anthu asazitenthe, asazitaye pafupi ndi zitsime, ndipo ana asaziseweretse. Zonse zimasungidwa m'bokosi lachitsulo lokhoma kuseri kwa sitolo ya Che Daudi mpaka galimoto ya kampani yochokera m'tauni idzatenge. Loko wa bokosilo ali ndi kiyi imodzi yokha, ndipo imakhala ndi Mayi Kaliwo.

3. ZA KAMPANI YA M'TAUNI

Bambo Gwaza anati iwo mtima sunawakhalebe pansi ndi anthu a kampaniwa. Anati munthu sangatenthe mafuta kuchoka m'tauni kudzatola wailesi yakufa chifukwa chotikonda, ndipo kumsika kukumveka kuti m'mawailesi akale muli kamankhwala kena kamtengo wapatali kamene ife tikupereka ulele ngati opusa. Mayi Chimphepo anayankha kuti alangizi a zaumoyo anafotokoza kale kuti kampaniyo imasungunula zitsulo ndi mapulasitiki n'kupangira zinthu zina, ndipo zapoizoni imazisunga pamalo pake.

Che Daudi anati ngati m'mawailesi muli chuma, woyamba kuchipeza ndi Bambo Gwaza, chifukwa wailesi iliyonse yodzera kwa iwo imafika m'bokosi ilibe sipika. Bambo Gwaza anati sipika si poizoni. Anaonjezera mawu ena okhudza sikelo ya m'sitolo ya Che Daudi, amene Mlembi sanawalembe chifukwa sakukhudza komiti. Nkhaniyi inasiyidwa osagwirizana kanthu.

4. KUSOWA KWA MABATIRE

Wapampando anati iyi ndiyo nkhani imene waitanira msonkhano. Anati Lolemba bokosi litatsegulidwa kuti aikemo katundu wa ku Mtsiriza, anapeza kuti thumba la mabatire a tochi ndi a wailesi, limene linali lodzaza kufika pakamwa, latsala pang'ono pansi. Loko sanathyoledwe. Mafoni ali momwemo, waya wa kopa ali momwemo. Anati mbava yosiya kopa n'kutenga mabatire akufa si mbava wamba, ndi munthu amene ali nawo ntchito.

Che Daudi anafunsidwa ngati anaonapo wakuba kuseri kwa sitolo yawo. Anati sanaonepo wakuba aliyense, ndipo anapempha kuti zilembedwe kuti iwo kiyi alibe.

Bambo Gwaza anati tisazungulire. Aliyense akudziwa kuti Mayi Kaliwo amatcheza kachasu, ndipo aliyense anamvapo kuti otcheza ena amathira makala a m'mabatire kuti mowa uwawe. Anati kuyambira Lachiwiri nkhaniyi ili pakamwa pa anthu kumsika, ndipo utsi sufuka popanda moto. Mayi Chimphepo anafunsa kuti nkhani ya m'komiti inafika bwanji kumsika Lachiwiri pamene Lolemba tinaimva anthu asanu ndi mmodzi okha. Mlembi ali nawo maganizo ake pa za amene anaitengera kumeneko, koma sanafunsidwe.

Mayi Kaliwo anati atcheza mowa kuchokera chaka chimene amuna awo anamwalira, ndipo mgolo umenewo ndi umene ukulera zidzukulu zawo zamasiye. Anati muli gaga, shuga ndi madzi basi. Anati chiyambire mphekeserayi pakhomo pawo sipakufika munthu, ngakhale aja amene amamwa pangongole, ndipo dzulo kuchigayo amayi anasuntha matumba awo iwo atafika. Anati: "Ine munthu wamkulu ndingathire poizoni m'chakumwa cha ana a anzanga? Mwandinyoza, abale."

Wapampando anafunsa ngati kiyi inachokapo m'manja mwawo. Mayi Kaliwo anati inachokapo kamodzi, tsiku la msika. Anabwereka munthu amene anati akufuna kukaponyamo wailesi yakufa, ndipo anabweza madzulo ake. Wapampando anawauza kuti amutchule munthuyo. Mayi Kaliwo anakana. Anati munthuyo ndi amene anagona nawo pasiwa masiku onse a maliro a amuna awo pamene abale enieni anali atabalalika, ndipo anawapempha kuti asanene kwa aliyense. Anati analonjeza, ndipo sangamuvule pagulu.

Bambo Gwaza anaseka, nati munthu wopanda dzina uyu ndi wabwino kwabasi chifukwa sangaitanidwe. Mayi Chimphepo anapempha kuti Mayi Kaliwo apatsidwe mlungu umodzi akakambe ndi munthuyo. Wapampando anati mlungu ndi wautali ngati anthu akumwa mabatire. Anafunsanso katatu, mawu akukwera, ndipo katatu konse Mayi Kaliwo anati: "Sindinena, a Msampha. Inuyo makamaka musandikakamize." Wapampando anati mawu amenewo ndi mwano, alembedwe. Alembedwa.

5. CHIGAMULO

Bambo Gwaza anapereka ganizo loti Mayi Kaliwo achotsedwe m'komiti, alandidwe kiyi, ndipo anyamata achitetezo cha m'mudzi akauzidwe kuti akaone mowa wawo. Che Daudi anavomereza. Anati iwo za mowa sazidziwa, koma bokosi lili kuseri kwa sitolo yawo ndipo safuna kuti dzina lawo lilowemo.

Okweza manja: Bambo Gwaza, Che Daudi ndi Wapampando. Wokana: Mayi Chimphepo. Mlembi sanakweze mkono mbali iliyonse. Unali ndi cholembera, koma kunena zoona naye anali kukayika.

Mayi Kaliwo anamasula kiyi pansonga ya chitenje, anaiika pabenchi, ndipo anatuluka osatsanzika. Wapampando anaimbira foni wamkulu wa anyamata achitetezo nthawi yomweyo, ife tikumva. Mlembi anadabwa kuti anyamatawo sanafunse kuti nkhani yake ndi yotani. Anangoti anyamuka.

6. ZINA NDI ZINA

Mayi Chimphepo anati nyali za sola zakufa zachuluka ku Mtsiriza ndipo pakufunika njinga. Che Daudi analonjeza yawo.

Wapampando anati kuti tisabalalike ndi nkhope zakugwa, ali ndi nkhani yabwino. Sukulu ya mkombaphala ya m'dera lino ikulandira alendo mlungu wamawa, ndipo akazi awo, Mayi Febe Msampha, amene amathandiza kusamalira ana kumeneko, azira chipinda chonse okha. Anati pansi pada bii, pakuwala ngati simenti yamakono, ndipo mamembala akaone zimene mayi wodziwa ntchito amachita.

Mayi Chimphepo anati apaona kale, chifukwa mwana wawo amaphunzira komweko, ndipo masiku ano akubwera kabudula ali wakuda kumbuyo, zikhato zakuda, mpaka milomo. Anati amafuna kufunsa kuti dothi lakuda chotero analipeza kuti, poti kuno n'kwa katondo, ndipo makande a kudambo akauma amatuwa.

Wapampando anaseka nati za amayi sazidziwa, koma mayi a kunyumba ali ndi kasakanizidwe kawo. Anati masiku awiri anakhalira kuswa tinthu ndi mwala kuseri kwa khitchini, moti manja awo mpaka lero sanayere.

Che Daudi anafunsa kuti ankaswa chiyani.

Wapampando anayamba kuyankha koma sanamalize. Mayi Chimphepo ndiwo ananena poyera kuti ndi mabatire. Anati amayi akale ankachotsa makala a m'kati mwake n'kusakaniza ndi dothi lozirira kuti pansi pade, ndipo iwo akudzimvera manyazi kuti achapa kabudula ameneyo mlungu wonse osaganiza. Anati ana amakwawa pamenepo, amadyera phala pamenepo, ndipo likagwa pansi amatola.

Che Daudi anati tsopano akukumbuka kuti tsiku lina la msika anaona Mayi Febe kuseri kwa sitolo ali ndi dengu lovundikira. Bambo Gwaza anawafunsa chifukwa chake sananene pa mfundo yachinayi. Che Daudi anati: "Munandifunsa za wakuba. Za akazi a Wapampando simunandifunse."

Wapampando anati nkhani ya m'banja mwawo akaiona okha, ndipo isalembedwe kufikira atafunsa kunyumba. Mayi Chimphepo anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, eti, koma wa pabenchi paja sanapatsidwe ngakhale mlungu. Mlembi anati za Mayi Kaliwo zinalembedwa osafunsa kunyumba kwa aliyense, choncho izinso zilembedwa. Apa Mlembi anakwiya, ndipo akuvomera kuti anakweza mawu kuposa udindo wake.

Anagwirizana kuti mawa ana asalowe m'chipindacho. Chipalidwe ndi makasu, dothi lake liikidwe m'matumba lidikire galimoto ya kampani, ndipo alangizi a zaumoyo aitanidwe adzaone ana onse.

Mayi Chimphepo anakumbutsa za anyamata achitetezo. Wapampando anaimba foni kangapo koma sinayankhidwe. Mamembala anagwirizana kuti msonkhano usamukire kwa Mayi Kaliwo, ndipo tinanyamuka chothamanga.

7. PAKHOMO PA MAYI KALIWO

Tinafika mochedwa. Mgolo unali utabooledwa ndi nkhwangwa, paipi atapindidwa, mitsuko yonse itaphwanyidwa, mowa ukuyenderera mpaka kukhola la nkhumba. Anthu anadzaza mumsewu kudzaonerera, ena a iwo omwe aja amamwa pomwepo. Wamkulu wa anyamata anauza Wapampando kuti batire sanapeze ngakhale limodzi, koma ntchito agwira monga anapangana m'mawa. Mlembi walemba mawu akuti m'mawa monga anawamvera, ndipo akukumbutsa kuti msonkhano unayamba masana.

Mayi Kaliwo anali atakhala pakhonde, zidzukulu zitawaunjirira. Sankalira. Wapampando anavula chipewa nati pachitika kulakwitsa, ndipo komiti ikalengeza kutchalitchi ndi kumsika kuti mowa wawo unalibe kanthu. Mayi Kaliwo anati: "Mukalengeze. Amene waona nkhwangwa lero adzamva za kutchalitchi?"

Mayi Febe Msampha anafika atamva phokoso, ndipo anaima kumsewu manja atawabisa m'chitenje. Amuna awo anawafunsa pamaso pa anthu, ndipo anavomera zonse, kuti ndiwo anabwereka kiyi ija n'kutenga mabatire. Anati ankangofuna kuti alendo akapeze paukhondo, ndipo anabisa chifukwa ankadziwa kuti bambo akaniza. Anati mphekesera ya mowa anaimva Lachiwiri, koma anachita mantha. Atanena izi analira kwambiri. Mayi Kaliwo sanawayang'ane n'komwe.

Mayi Chimphepo anapereka ganizo loti komiti iwapezere Mayi Kaliwo mgolo wina ndi mitsuko. Che Daudi anati za mgolo wa mowa chipembedzo chawo sichiwalola, koma ufa wa ana apereka. Bambo Gwaza, amene anali ndi mawu ambiri m'chigafa, apa sanapezeke. Akuti anakumbukira wailesi ya munthu.

8. MSONKHANO WOTSATIRA

Udzachitika Lachinayi, 11 Sepitembala 2025, malo adzalengezedwa, poti mamembala akana chigafa. Wosunga kiyi watsopano sanapezeke chifukwa aliyense anakana kuigwira.

Wapampando anapempha kuti chigamulo cha pa mfundo yachisanu chifafanizidwe ndipo dzina la Mayi Kaliwo libwerere pakati pa mamembala. Onse otsala anavomereza, Mlembi nayenso anakweza mkono. Mayi Kaliwo anakana. Anati: "Musavutike ndi bukulo, a Nkhwazi. Dzina langa silinatayike m'buku. Latayika kumsika, ndipo kumeneko kulibe mlembi."

9. KUTSEKA

Msonkhano unatha dzuwa litapendeka, cha m'ma 5 koloko. Pemphero silinachitike. Mamembala anatsalira kutola mapale pabwalo, ndipo mwini nyumba analowa m'nyumba ndi ana n'kutseka chitseko.

Wapampando: R. Msampha

Mlembi: H. Nkhwazi